Ntchito ili ku London, koma banja likakhale tawuni iti yotchipirako?

MayiWaAwiri
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa bwino matawuni ozungulira London. Banja ndi la anthu anayi, likuchokera kunja, lifika mu Ogasiti pa viza ya ntchito. Bambo azigwira pafupi ndi siteshoni ya Farringdon, masiku anayi mu ofesi, tsiku limodzi kunyumba. Mayi ayamba kusaka ntchito akafika. Ana ndi awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 2. Pakufunika nyumba ya zipinda zogona ziwiri, koma lendi ya m'kati mwa London siyotheka. Pa Rightmove, tsamba la pa intaneti lotsatsa nyumba, mayina angoti mbwee: Luton, Stevenage, Basildon, Chatham, Reading, Northampton. Tiyambire pati?

Njanji_88
Yambirani pa Farringdon pomwepo achemwali, Rightmove imeneyo muitseke kaye. Tsegulani mapu a masitima muone njanji zimene zimadutsa pasiteshoni imeneyi munthu osatsika panjira. Zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi Thameslink: kumpoto imachokera ku Bedford kudzera ku Luton ndi St Albans, nthambi ina imachokera ku Peterborough ndi Cambridge kudzera ku Hitchin ndi Stevenage, kumwera imapita ku Three Bridges ndi Crawley. Yachiwiri ndi Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu 2022: kumadzulo Slough, Maidenhead ndi Reading, kum'mawa Romford, Brentwood ndi Abbey Wood.

Mukangotero mndandanda wanu uja wachepa wokha. Sitima ya ku Northampton imathera ku Euston, ndiye munthu atsike, ayende pansi mpaka Euston Square, akwerenso ya pansi pa nthaka. Ya ku Basildon imathera ku Fenchurch Street, ndipo Fenchurch Street ilibe siteshoni yakeyake ya pansi pa nthaka, umayenda wapansi kukafika ku Tower Hill kapena Aldgate. Kusintha kotereku kumadya nthawi m'mawa ndi madzulo omwe, kumadyanso ndalama chifukwa tikiti yako iyenera kukhala ndi Travelcard pamwamba, yolola kukwera sitima za pansi pa nthaka ndi mabasi a mu London. Pa mayina mwatchulawa, oyenera kuwayang'ana poyamba ndi Luton ndi Stevenage. Onjezeranipo Bedford.

Tsabola
Luton?? Ana ang'onoang'ono awiri mukawaike ku Luton? Ayi ndithu.

Njanji_88
A Tsabola, tchulani chifukwa. Luton ndi tawuni yaikulu, ili ndi masiteshoni atatu: Luton Airport Parkway, Luton, ndi Leagrave. Msewu wa pafupi ndi pakati pa tawuni ndi msewu wa ku Leagrave kapena Stopsley ndi zinthu zosiyana. Munthu sachita lendi tawuni yonse.

Tsabola
Phokoso la ndege. Kuthinana kwa nyumba m'madera apakati. Pomwe mungaimike galimoto palibe. Zokwanira zimenezo?

Kadziwotche
Za ndege ndi zoona koma zimatengera mbali. Ndege zimatsata mzere wa msewu wake wonyamukira, ndiye madera ena amazimva tsiku lonse pomwe ena sazidziwa n'komwe. Stevenage nayonso mbali zina zimadutsa pamwamba zikamatsika. Mankhwala ake ndi amodzi: pokaona nyumba imani panja mphindi 20 foni ili m'thumba, mumvetsere.

Chiwerengero
Tisanakanganirane mayina a matawuni, tiyeni tiwerenge ndalama, chifukwa apa ndi pomwe anthu obwera kumene amagwera. Amaona lendi yatsika ndi £300 pamwezi akapita kutali, n'kusaina, osadziwa kuti tikiti ya sitima yakwera ndi ndalama yoposa pamenepo.

Lembani pa pepala limodzi, tawuni iliyonse mzere wake: lendi, tikiti ya sitima ya pamwezi, Council Tax (msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo), magetsi ndi gasi, madzi, sukulu ya mkaka ya wamng'onoyo, ndi galimoto ngati malowo salola kukhala opanda galimoto. Chofananitsa ndi chiwerengero chapansicho.

Tikiti imayenda chonchi. Ya mwezi ndi mtengo wa ya sabata kuchulukitsa ndi 3.84. Ya chaka ndi mtengo wa masabata 40 okha, ndiye masabata 12 umayenda ulele. Tingoyerekeza kuti ya sabata ndi £120: ya mwezi ikhala pafupifupi £461, ya chaka £4,800. Mitengo yeniyeni ya siteshoni iliyonse ili pa tsamba la National Rail, pali chowerengera chake cha matikiti otere. Ilinso ina yotchedwa Flexi Season, ya masiku 8 m'masiku 28, koma imeneyo inapangidwira wopita ku ofesi kawiri pa sabata. Wa masiku anayi imupweteka.

Ya chaka musagule mwezi woyamba ngakhale kuntchito atakupatsani ngongole yake. Mukasamuka pakati pa chaka amabweza ndalama powerengera ngati munkagula ya mwezi ndi mwezi, ndipo ikadutsa miyezi khumi sipatsala kanthu kobweza. Miyezi itatu yoyamba gulani ya mwezi.

Council Tax imasiyana khonsolo ndi khonsolo, komanso nyumba ndi nyumba. Ku England nyumba zili m'magulu kuyambira A mpaka H, potengera mtengo wa nyumbayo mu 1991. Gulu la nyumba mungalione pa gov.uk ndi postcode, mtengo wa gululo uli pa tsamba la khonsolo. Amalipiritsa m'zigawo 10, Epulo mpaka Januwale, koma mukapempha amazigawa 12. Wolipira ndi inu okhalamo, landilodi sizimukhudza.

Bongololo
Kanthu kamodzi kowonjezera pa tikitiyo, kamene kagwetsa anthu ambiri pa geti: Farringdon siili m'gulu la masiteshoni otchedwa London Terminals. Mukachokera kumpoto ndi tikiti yolembedwa London Terminals, malire anu ndi St Pancras kapena King's Cross. Pogula nenani kuti mukutsikira pa Farringdon, akupatseni yolola kufika pamenepo. Mukapanda kutero muziyenda wapansi pafupifupi mphindi 20 kuchokera ku St Pancras, m'mvula momwe.

MayiWaAwiri
Zikomo kwambiri, zimenezi sizikanadziwika. Nanga Reading ndi Chatham? Palibe wazitchula.

Njanji_88
Reading siyotchipa, ndi tawuni yokhala ndi makampani akeake ndiye nyumba zimalimbiranidwa. Sitima yothamanga ya GWR imafika ku Paddington pafupifupi mphindi 25, koma pamenepo musinthe kukwera Elizabeth line. Mukakwera Elizabeth line kuchokera ku Reading komweko imaima paliponse, ola limakwana musanafike. Slough ili pafupi kuposa Reading, yiyang'aneni.

Chatham, Gillingham ndi Rochester nyumba zake n'zotsikirako ndithu. Msampha uli pa sitima. Yothamanga ija yopita ku St Pancras ili ndi mtengo wakewake wokwera, tikiti wamba simungakwere nayo. Thameslink yochokera ku Rainham imafika pa Farringdon osasintha, koma imaima masiteshoni ambirimbiri, ulendo umapitirira ola. Mukamawerenga mtengo wa Chatham muwerengere tikiti ya sitima imene bambowo azikweradi.

Gogo_wa_pagulu
Ana anga, nonse mukukamba za bambo ndi sitima yawo. Wotsala m'nyumba ndi mwana wa zaka 2 mwamuiwala. Mu Disembala kunja kumada 4 koloko isanakwane. Mayi wopanda galimoto, wosadziwa munthu, m'nyumba yomwe shopu ili mphindi 30 wapansi ndipo basi imabwera kamodzi pa ola, ameneyo pofika Febuluwale adzafuna kubwerera. Pa mapu yezani ulendo wapansi, mukukankha ngolo ya mwana: kusukulu, kwa dokotala, ku supamaketi, ku laibulale, kupaki. Zonsezi zikhale m'kati mwa mphindi 15. Laibulale musaiderere, n'kofunda, n'kwaulere, ndipo ambiri amakhala ndi nthawi ya nyimbo ndi nthano za ana aang'ono komwe amayi amadziwanirako.

Namadzidzi
Agogo anena zoona. Ndiwonjezere za sukulu, chifukwa nthawi yofikirayo ndi yovutirapo.

Mwana amene ali ndi zaka 5 pa 31 Ogasiti amalowa Year 1 mu Seputembala. Kulembetsa kwa onse kumatsekedwa pa 15 Januwale, mayankho amatuluka pakati pa Epulo, ndipo kumeneko ndi kwa oyamba Reception, kalasi yoyambirira imene mwana amalowa asanafike Year 1. Wanuyo adutsa njira ina yotchedwa in-year admission. Fomu imapita kukhonsolo yoyang'anira masukulu a deralo: Luton ili ndi yakeyake, Bedford yakeyake, koma Stevenage ili pansi pa Hertfordshire County Council. Amafuna umboni wa adiresi, kawirikawiri pangano la lendi losainidwa. Ndiye dongosolo lake ndi nyumba kaye, sukulu pambuyo, ndipo mu Ogasiti masukulu amakhala otseka, mayankho amachedwa.

Chovuta chenicheni ndi ichi: lamulo silola ana opitirira 30 m'kalasi ya mphunzitsi mmodzi kuyambira Reception mpaka Year 2. Sukulu ikadzaza yadzaza, ngakhale nyumba yanu itayang'anizana ndi geti lake. Khonsolo imayenera kumupezera mwanayo malo, koma akhoza kukhala kutsidya lina la tawuni. Ikakhala sukulu yapafupi imene ili ndi malo ndipo mtunda wapitirira mamailosi awiri kwa mwana wosakwana zaka 8, mayendedwe amaperekedwa aulere, komabe ndi chintchito. Choncho musanasaine lendi imbirani ofesi ya khonsolo yolembetsa ana, funsani kuti ndi masukulu ati ali ndi malo mu Year 1 pafupi ndi postcode imeneyo. Makhonsolo ena amaika mndandanda wa malo otsala pa intaneti. Malipoti a Ofsted, bungwe loyendera masukulu, awerengeni, koma sukulu yotamandidwa kwambiri ndi imene imakhala yodzaza.

Chokoma n'chakuti kuyambira Reception mpaka Year 2 chakudya chamasana ndi chaulere kwa mwana aliyense m'sukulu za boma.

Mphepo_ya_Kumpoto
Ine ndikutsutsa maziko a funso lonseli. N'chifukwa chiyani mukuthamangira kunja kwa London? Pa zigawo za mitengo ya maulendo mu London, Romford ili mu Zone 6, Abbey Wood mu Zone 4, zonse pa Elizabeth line, Farringdon osasintha. Lendi ndi yokwererako, inde, koma mtengo wa ulendo uli ndi malire a patsiku ndi pasabata, ana osakwana zaka 11 amakwera basi ndi sitima za TfL (bungwe la zamayendedwe mu London) ulele akakhala ndi wamkulu, mabasi amayenda usiku wonse, ndipo galimoto simuifuna. Chachikulu, mayiyo akayamba kusaka ntchito London yonse ili pakhomo. Mukakhala ku Bedford ndipo onse awiri apeza ntchito ku London, matikiti akhala awiri. Masamu a a Chiwerengero aja mukawachita ndi matikiti awiri, Bedford yagwa.

Chiwerengero
Mfundo yabwino, ndipo iyenera kulowa pa pepala lija ngati mzere wakewake. Koma matawuni enawa ali ndi ntchito zawo. Stevenage ili ndi chipatala chachikulu cha Lister ndi makampani a mankhwala ndi a zamlengalenga. Luton ili ndi bwalo la ndege ndi chipatala cha Luton and Dunstable. Mmodzi akamagwira m'tawuni momwemo, tikiti ndi imodzi, ndipo pali wotenga ana. Zimatengera ntchito ya mayiyo.

Kadziwotche
Pa kutenga anapa mpomwe pali nkhani. Sukulu imaweruka cha m'ma 3 koloko. Makalabu osunga ana akaweruka ndi masukulu a mkaka ambiri amatseka 6 koloko, ndipo ukachedwa amalipiritsa pa mphindi. Wochoka mu ofesi 5:30 ku Farringdon sangafike ku Bedford 6 koloko ngakhale sitima itauluka. Makolo onse awiri kugwira ku London n'kumakhala mtunda wa ola limodzi, popanda wachibale pafupi, sizitheka.

Namadzidzi
Ndipo za wamng'onoyo musawerengere thandizo limene mumamva anthu akulitchula. Viza ya ntchito imabwera ndi lamulo loti simungalandire thandizo la ndalama za boma. Ndiye Child Benefit (ndalama yothandizira kulera mwana) palibe, Tax-Free Childcare (thandizo lolipirira osunga ana) palibe, maola 30 aulere a makolo ogwira ntchito palibenso. Chimene mwana aliyense amapeza ndi maola 15 pa sabata, masabata 38 pa chaka, kuyambira teremu yotsatira akakwanitsa zaka 3, kutanthauza 1 Seputembala, 1 Januwale kapena 1 Epulo. Isanafike nthawi imeneyo zonse n'zam'thumba, ndipo sukulu ya mkaka ya sabata yathunthu ikhoza kufanana ndi lendi. Funsani mitengo m'matawuni onse muli kuwaganizirawo, funsaninso ngati pali mzere wodikira. Amayi olembetsedwa osunga ana kunyumba kwawo, otchedwa childminder, nthawi zambiri amatsikirako mtengo.

Tsabola
Mukungozungulira. Gulani kagalimoto, mukhale kumudzi kunja kwa tawuni komwe nyumba ndi zazikulu, nkhani yatha.

Bongololo
Kagalimoto ndi layisensi yanji bwana? Layisensi yakunja imagwira miyezi 12 yokha chifikireni. Ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe amasintha popanda mayeso, koma ya ku Malawi ndi ya ku Zambia ayi. Muyenera kutenga provisional (layisensi yophunzirira), kulemba theory (mayeso a malamulo a pamsewu), kenako mayeso apamsewu, ndipo malo a mayeso apamsewu amadikiritsa miyezi. Woyamba kuzithamangira mwezi wa 10 amapezeka galimoto ili pakhomo koma sangayendetse yekha. Inshuwalansi ya munthu wopanda mbiri yoyendetsa m'dzikomo nayo imaluma.

Mphepo_ya_Kumpoto
Ndipo mukayesedwa pa automatic, layisensi yake ndi ya automatic basi, ya magiya simuloledwa.

Tsabola
Masiku ano ndani akufuna magiya? Zamagetsi zonse zilibe.

Bongololo
Wogula galimoto yakale yotchipa amawafuna. Komanso yakaleyo muyang'ane nambala yake pa tsamba la TfL musanagule, chifukwa kuyambira Ogasiti 2023 ULEZ, dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, inakuta London yonse, yosakwanira muyezo wa utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse ikalowamo.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za magiya tsegulani ulusi wina. Tibwerere ku nyumba.

Kalulu_N17
Ndibwereko ndi za kupeza nyumbayo, chifukwa kusankha tawuni ndi kwina, kuti akuvomereni ndi kwinanso.

Maejenti ambiri amafuna kuti malipiro apachaka akhale lendi ya mwezi kuchulukitsa ndi 30. Lendi ya £1,400 ikufuna £42,000 pachaka musanadulidwe msonkho. Poti mayiyo sanayambe ntchito, awerengera malipiro a bambo okha, ndiye malire a lendi yanu mukuwadziwa kale musanayang'ane chithunzi chilichonse. Mbiri ya ngongole ya kwanu siwoloka nanu, kumeneko mumayamba ngati mwana wakhanda. Konzekeranitu kalata ya kuntchito yonena malipiro ndi tsiku loyamba, mapasipoti, ndi share code ya right to rent, nambala yosonyeza kuti mukuloledwa kuchita lendi, imene mumaitenga pa akaunti yanu ya eVisa (viza ya pa intaneti). Ena adzapempha munthu wokuimirani wokhala ku UK. Ngati mulibe, funsani kuntchito ngati angalembe kalata, kapena sakani malandilodi ochititsa lendi okha pa OpenRent, amene ungalankhule nawo maso ndi maso.

Malamulo a ndalama ku England ndi omveka. Ndalama yogwirira nyumba siipitirira lendi ya sabata imodzi. Dipoziti siipitirira masabata asanu pa nyumba za mitengo imeneyi, ndiye pa £1,400 ndi pafupifupi £1,615. Landilodi ayenera kuiika m'bungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30 ndi kukupatsani umboni. Ejenti saloledwa kukulipiritsani yolembera pangano kapena yofufuzira mbiri yanu, zimenezo zinathetsedwa mu 2019. Kale obwera kumene ankangolipira miyezi 6 pasadakhale kuti awavomere, koma Renters' Rights Act ya 2025 inaika malire a mwezi umodzi.

Chomaliza: musatumize ndalama muli kunja pa nyumba imene simunalowemo. Akuba amatenga zithunzi za nyumba zenizeni n'kuziika pa Facebook pamtengo wotsika, n'kumati kiyi atumiza mukalipira. Sungani ndalama ya masabata atatu kapena anayi a malo ogona ongoyembekezera, mufike, muone ndi maso.

Gogo_wa_pagulu
Safunsa anadya phula. Ndipo pokaona nyumbayo musamangoyang'ana kukula kwa khitchini. Suntha kabati, yang'ana kuseri. Yang'ana m'makona a denga la chipinda chogona ndi m'mphepete mwa mawindo. Madontho akuda ndi nkhungu, ndipo khoma limodzi lokha lopakidwa penti yatsopano likubisa kanthu. Mu Ogasiti nyumba iliyonse imaoneka youma, chinyezi chimatuluka mu Novembala, ndipo chifuwa cha mwana wa zaka 2 ndi chimene chimayamba kudziwa.

Kalulu_N17
Eya. Onjezani EPC, pepala losonyeza mmene nyumba imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Lili pa intaneti ulele, mumangolemba postcode. Yochititsa lendi siyenera kutsika kuposa E, koma E ndi nyumba yozizira, sakani C kapena D. Funsani ngati imafunditsidwa ndi boyila ya gasi kapena mahita amagetsi, chifukwa mafulati amagetsi okhaokha bilu yake ya m'nyengo yozizira imameza zonse munapulumutsa pa lendi. Pemphani satifiketi ya gasi, imakonzedwa chaka ndi chaka. Ku Bedford, nyumba za pafupi ndi mtsinje wa Great Ouse muziyang'anenso pa mapu a madzi osefukira a gov.uk.

MayiWaAwiri
Ndalemba zonse. Zikuoneka kuti zatsala Stevenage, Bedford, Leagrave ndi Romford. Pakati pa Stevenage ndi Bedford, ulendo wake ukusiyana bwanji?

Njanji_88
Stevenage ndi yapafupi. Yothamanga imafika ku King's Cross m'mphindi zosakwana 30, ndipo Thameslink imakufikitsani pa Farringdon osasintha. Koma sitimazo zimafika zitanyamula kale anthu a ku Cambridge ndi Peterborough, ndiye m'mawa kuima n'kosadabwitsa. Tawuniyo inamangidwa mwadongosolo kuyambira 1946, ili ndi njira za njinga zosiyana ndi misewu ya magalimoto, moti wokhala kutali ndi siteshoni akhoza kupalasa osalipira poimika galimoto. Hitchin ili pafupi pomwepo ndipo ndi yokongola, koma mtengo wake ndi wina.

Bedford ndi kumayambiriro kwa njanji, mpando mumaupeza tsiku lililonse, koma pa Thameslink werengerani ola lathunthu kukafika ku Farringdon, ndipo tikiti yake ndi yokwera kuposa ya Leagrave. Ubwino wa mzere wa Bedford ndi Luton ndi wakuti masitima amayenda mpaka usiku kwambiri chifukwa cha mabwalo a ndege. Mukaona nyumba yotchipa ku Dunstable dziwani kuti kulibe siteshoni, mumayamba mwakwera basi ya pa busway kupita ku Luton, imeneyonso ndi ndalama ndi mphindi.

Sabata yoyamba mutafika, bambowo akwere sitima ya 7:30 m'mawa Lachiwiri kapena Lachitatu kuchokera m'matawuni awiri otsala pamndandanda, abwerenso ya 5:30 madzulo. Lolemba ndi Lachisanu zimanamiza, anthu ambiri amagwirira kunyumba. Ayambe kuwerenga nthawi pakhomo la nyumba imene mukuifunayo mpaka pakhomo la ofesi.

Bongololo
Ndipo akakwera Thameslink apite kumapeto kwenikweni kwa sitima. Chipinda cha first class chakumbuyo chimaloledwa kwa aliyense wa tikiti wamba, chakutsogolo ndiye ayi. Alembetsenso Delay Repay tsiku loyamba lomwe, sitima ikachedwa mphindi 15 amabweza kandalama, koma pempho lake liyenera kutumizidwa pasanathe masiku 28.

Tsabola
Chabwino, Leagrave ndavomera. Koma nyumba ikhale mbali yoti mwana akafika kusukulu osawoloka msewu waukulu.